Sikelo ya M'chigafa

Za ubwana wanga sindilemba. Mayi anu anakuuzani kale zambiri, zina zoona, zina zowonjezera. Ndikufuna mudziwe za ntchito, chifukwa tsiku lina mudzatsegula bokosi lachitsulo lili pansi pa bedi langa n'kupezamo mapepala okhaokha, ndipo ndimakudziwani: mmodzi wa inu adzati tiyatsire moto. Musanayatse, werengani izi.

Chulu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Boma linandilemba ntchito ya ulangizi wa zaumoyo nditangokwatira kumene, n'kunditumiza ku kachipatala kena m'dera la Chulu. Kalata yondilemba ntchito ili m'bokosimo. Dzina langa analilakwitsa, ndinalemba kangapo kuti akonze, ndipo ndinapuma pantchito lisanakonzedwe. Anandipatsa njinga, sikelo yapachika yooneka ngati wotchi yaikulu, ndi kabokosi kosungiramo katemera kuti asatenthedwe ndi dzuwa. Ntchito yanga inali ya ana osakwana zaka zisanu: kuwayeza kulemera mwezi ndi mwezi, kuwabaya katemera, ndi kuphunzitsa amayi awo kutsira nsinjiro m'phala. Anthu ankangoti tsiku la sikelo.

Bwana wanga woyamba anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamtali, wosaseka pachabe. Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati Chitumbuka, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale ine mnyamata wa dzulodzulo, ankamutchula kuti adada. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kulemba. Sabata yoyamba anandikhazika pa benchi, n'kuika mapepala a kaboni pakati pa mapepala oyera, nati, "Kalata ya boma imakhala patatu, adada Mwale. Ina kwa bwana, ina m'thumba mwanu, ina kwa munthu amene mwamutchulamo. Ife sitinena munthu kumbali." Ndinawakonda chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ndinawatsata moyo wanga wonse wa ntchito.

Kusowa kwa zinthu kunali kwa tsiku ndi tsiku. Filiji yathu inkayendera palafini, ndipo palafini akatha katemera yense ankawonongeka. Amayi ankafika pansi pa mtengo umene tinkapachikapo sikelo atayenda kuyambira mbandakucha, mwana kumsana wina pamanja, ine n'kuwauza kuti lero tingoyeza, jakisoni kulibe. Ena ankabweranso mwezi wotsatira, ena ayi. Nthawi ya dzinja njinga ndinkachita kuinyamula paphewa powoloka madambo. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti ku boma misonkhano sinkasowa. Ankatiitana, akuluakulu obwera pa galimoto n'kutiuza kuti mwana ndi tsogolo la dziko, n'kutigawira malaya olembedwa mawu omwewo. Ndinaimirira pa msonkhano wina n'kufunsa ngati malayawo angayatse filiji. A Gondwe anandikoka buluku kuti ndikhale pansi, koma pobwerera anandigulira tiyi.

Komabe musamve ngati ndikuti boma silinachite kanthu. Ndinafika ku Chulu kafumbata akupha makanda, chikuku chikusesa midzi, ndipo pochoka ndinasiya amayi achitsikana amene matenda amenewa ankangowamva kwa apongozi awo. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga.

Kaluluma, kumapeto kwa zaka zomwezo

Atandisamutsira ku Kaluluma ndinapeza chinthu chimene ku maphunziro sanatiuzepo. M'dera langa munali esiteti yaikulu ya fodya. Mwini wake ankakhala ku Lilongwe. Dzina lake sindilemba, ana ake alipo. Olima fodyayo anali matenanti, mabanja ochokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Dedza, amene ankabwera pa lole nthawi ya chilimwe, kupatsidwa ndime ndi kanyumba kaudzu, n'kumalandira phoso la chimanga mpaka fodya atagulitsidwa. Akagulitsa, ambiri ankachoka, kubwera ena.

Dongosolo la boma linkayenda ndi midzi. Masiku a sikelo ankagawidwa mudzi ndi mudzi, m'kati mwa sabata, m'mawa. Katemera ankatumizidwa molingana ndi anthu a m'midzi. Matenanti sanali a mudzi uliwonse, ndiponso m'mawa wa tsiku lantchito mkazi wa tenanti amakhala ali m'munda, ndipo akajomba phoso la banja lonse limadulidwa. Choncho ndinkadutsa pa njinga m'mphepete mwa tinyumba tawo kupita kukayeza ana a midzi ya kutsogolo, ana awo atandanda m'mbali mwa njira kundibayibitsa, palibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi khadi la sikelo.

Woyang'anira matenanti anali kapitawo wina, a Jere, munthu wamfupi wamimba, wokonda nthabwala, amene ankanditchula kuti Adokotala a njinga. Nditawafotokozera nkhawa yanga anakanda mutu, nati m'kati mwa sabata sizingatheke, koma Lamlungu masana anthu amakhala akungoyang'ana nsabwe, ndingathe kubwera. Anati malo alipo m'chigafa, mmene amayanika fodya, ndipo za bwana ndisadandaule chifukwa bwana akabwera amawerenga mabelo a fodya, sawerenga ana. Mkulu wa pachipatala chathu, a namwino mayi Nkhoma, anavomera kundipatsa katemera. Anati ndizilemba anawo ngati a mudzi woyandikana nawo kuti ku boma asafunse mafunso. Ndinakana. Ndinagula kabuku kangakanga n'kulemba pachikuto kuti ana a pa esiteti. Anandiyang'ana, nati, "A Mwale, inu mudzafa ndi cholembera m'manja."

Mayi anu sanakondwere. Ankati mwamuna wa anthu ena Lamlungu masana amakhala pakhomo, wawo amatuluka m'tchalitchi n'kuvula jekete, n'kukwera njinga. Akulu ampingo anzanga nawonso ankang'ung'udza za kugwira ntchito pa Sabata. Ndinawaitana kuti abwere adzaone okha. Sanabwere, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Sikelo ya m'chigafa inayenda zaka zingapo, ndipo pa ntchito yanga yonse palibe chimene ndinachikonda kuposa imeneyo. Ndinkapachika sikelo pa mtanda, pakati pa fodya wolendewera. Fungo lake linkatiyetsemulitsa tonse, ana ankalira, amayi ankaimba nyimbo za sikelo m'kalankhulidwe ka kwawo, wina Chilomwe wina Chichewa cha ku Dedza. A Jere ankakhala pa belo la fodya pakhomo n'kumaseka azibambo amene ankaimirira patali. Ankati akadzatha ana ndiwayeze iwonso, tione ngati mtandawo ungapirire. Ndinkauza mayi aliyense kuti khadi alisunge ngati chitupa, ndipo kulikonse kumene lole idzamutule akalionetse kuchipatala kuti mwana akamalize katemera.

Febuluwale wa chaka chovuta

Febuluwale pa esiteti ndi mwezi woipa. Phoso limakhala litachepa, ndipo ndi nthawi yothyola fodya ndi kumusoka. Mwamuna amathyola, mkazi amasoka masamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo fodya akachedwa m'munda amapsa, n'kutsika mtengo.

Lamlungu lina mayi wina wa ku Phalombe, mkazi wa a Namakhwa, sanabwere kusikelo. Anzake anandinong'oneza kuti mwana wake Felesiya, wa zaka ziwiri, ali m'nyumba ndipo bambo ake aletsa kumutulutsa. Ndinapita. Mwanayo anali atatupa mapazi, manja ndi nkhope, tsitsi litafiira, khungu la m'miyendo likusupuka. Nditadina phazi ndi chala, panatsala dzenje. Ndinamupatsa phala, anatembenuza mutu. Mwana wotupikana akasiya kudya, masiku ake amakhala ochepa, ndipo nthawi imeneyo chithandizo chake chinali chimodzi chokha: kugonekedwa kuchipatala chachikulu, mayi ake ali pambali, kwa milungu ingapo.

A Namakhwa ankati si njala, ndi tsempho. Ankakhulupirira kuti mwana watupa chifukwa wina m'nyumbamo anayenda njira zosayenera, ndipo poti iwo ankadziwa kuti sanayende, maso awo anali pa mkazi wawo. Mayiyo anangokhala pansi chogwada, zala zili bii ndi utomoni wa fodya. Sindinatsutsane nawo za tsempho. Ndinali nditaphunzira kale kuti mkangano umenewo suchiritsa mwana. Ndinawauza kuti mankhwala achikuda adzapitiriza pobwera, koma ayambe alola mwana akamwe mkaka wa kuchipatala. Tinakambirana mpaka anthu anadzaza pakhomo. Pomaliza anati, "Nanga fodya asoka ndani? Mufunse akapitawo."

A Jere anali pomwepo, ndipo pambali pawo panaima kalaliki wa esiteti, mphwake wa mwini malo. Ndinawafunsa mokweza, pamaso pa onse, kuti alole mayiyo apite. Nkhope yawo inasintha. Anayankha mokwezanso kuti mwezi uno satulutsa munthu, lamulo la bwana ndi lakuti banja limene lachepa manja lisiye ndime. Anatembenuka n'kuchoka.

M'mawa mwake ndinafotokozera mayi Nkhoma, ndipo ndinawauza kuti ndilemba kalata ku ofesi ya zaumoyo ndi ku ofesi ya zantchito, kuti boma likakamize esiteti kulola mayi kupita ndi mwana kuchipatala popanda kulanda banja ndime. Anandichenjeza. Anati ndikalemba, mwini esiteti adzadziwa kuti m'chigafa mwake mumachitika sikelo, adzatseka, ndipo ndidzakhala nditagula mwana mmodzi ndi ana ena onse aja. Anati ndiyese kumudyetsa pakhomo pomwepo, mwina Mulungu achita chifundo. Ndinawafunsa ngati iwo, monga namwino, akukhulupirira kuti mwana uja angafike Lamlungu lotsatira. Anangoweramira pa mapepala awo.

Ndinakhala pa benchi ya panja nthawi yaitali. Ana anga, musaganize kuti sindinaone kuopsa kwake. Ndinakuona. Koma ndinkakhulupirira kuti boma limene linandituma kukayeza ana silingasiye kalata yotere osayankha, ndipo likayankha, sikelo ya m'chigafa idzaleka kukhala yobisa, idzakhala ya lamulo. Ndinatenga mapepala ndi kaboni. Ndinalemba zonse mwatsatanetsatane: za Felesiya, za phoso, za ana opanda makhadi, za sikelo ya Lamlungu. Ndipo monga anandiphunzitsira a Gondwe, poti ndinatchulamo mwini esiteti, ndinamukonzera yake.

Ndinabwereka ngolo kwa mnzanga wa kumpingo, ndinalowa pa esiteti dzuwa lili pamutu, ndinapereka kalatayo m'manja mwa kalaliki uja n'kumusainitsa kuti walandira. Kenako ndinakweza mayi ndi mwana anthu onse akuona. A Namakhwa sanaletse. Anangoti, "Mutengeni. Koma akakafera konko, manda mukakumbe nokha."

Felesiya sanafe. Kutupa kunaphwa, anayamba kudya, ndipo patapita milungu ingapo anatuluka akuyenda yekha atagwira chitenje cha mayi ake. Koma pa nthawiyo n'kuti mwini esiteti atabwera kale kuchokera ku Lilongwe, kalata yanga ili m'manja. Mwa anthu onse amene ndinawalembera, iye yekha ndi amene anaiwerenga. Anathamangitsa a Namakhwa, fodya wawo n'kutsala m'chigafa, thukuta la chaka chonse. Anaika mlonda pachipata n'kumuuza kuti munthu wa njinga ya boma asadzapondenso pamalopo. A Jere nawonso, mwini esiteti anawadula malipiro.

Ndinakumana ndi banjalo pa siteji, akudikira galimoto yoti iwatengeko chakum'mwera, katundu wawo yense ali m'thumba limodzi la feteleza. Ndinkaganiza kuti mwina mayiyo anena mawu othokoza. Ndikuvomera kuti ndinkayembekezera. Anandigwadira mwaulemu, nati, "Mwana mwatibwezera, bambo. Koma kumene tikupitaku akadya chiyani?" Sindinawaonenso, ndipo sindidziwa ngati Felesiya anakula.

Ku maofesi kunali zii. Ndinalembanso, ndinalembanso. Ndinakwera matola kupita ku boma, n'kuuzidwa kuti abwana ali ku msonkhano, ndibwere sabata yamawa. Ofesi ya zaumoyo inkati nkhani ya matenanti ndi ya azantchito, azantchito ankati nkhani ya ana ndi ya azaumoyo. Makalata onsewo ali m'bokosi, omangidwa ndi chingwe chofiira. Mudzaona kuti mtolowo ndi wa makalata opita okhaokha.

Chaka chotsatira

Chilimwe chitafika lole inatula mabanja atsopano. Ana amene anabadwira pa esiteti chaka chimenecho anafika msinkhu wolandira katemera wa chikuku, popanda wowabaya. Ndinatumiza uthenga kudzera mwa amayi okatunga madzi kuti azizemba kubwera kusikelo ya mudzi woyandikana nawo. Anabwera ochepa chabe. Ena onse ankaopa kudulidwa phoso. Ndinayesa kuima kunja kwa mpanda Lamlungu, mlonda anandiphwetsera matayala a njinga.

Chikuku chinabwera dzuwa litafika poswa mtengo, chaka chinacho. M'midzi yanga chinangokhudza mwana apa ndi apo, n'kupita. Pa esiteti chinalowa nyumba ndi nyumba. Anthu ankabisa ana odwala m'nyumba monga mwa mwambo, ndipo nkhani inatipeza mochedwa. Anabwera nayo ndi a Jere eni ake, pa njinga, thukuta lili kamukamu. Sanandinene kuti Adokotala a njinga. Anaima pakhomo pathu, mayi anu akuwapatsa mpando iwo osakhala, nati, "A Mwale, tengani bokosi lanu la katemera lija. Chipata n'chotsegula."

Pamenepo boma linathamanga. Pasanathe masiku kunabwera galimoto, katemera wodzaza mabokosi, anamwino, ngakhale akuluakulu amene makalata anga anali m'madirowa mwawo. Mmodzi anandifunsa pamaso pa anthu kuti mlangizi wa dera lino anali kuti ana onsewa osabayidwa. Mayi Nkhoma anandigwira mkono mwamphamvu, ndipo ndinakhala chete. Ndimadandaula mpaka lero kuti ndinakhala chete. Tinabaya onse amene anali asanadwale. Kwa ena tinachedwa. Mayina awo ndili nawo, ndipo sindilemba chiwerengero chawo pano chifukwa aliyense anali ndi dzina.

Lero

Ndinagwirabe ntchito zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ndinaona zinthu zikusintha. Kunabwera chiponde chimene mwana wotupikana amadyera pakhomo, mayi ake osachoka pa ntchito. Chikanakhalapo nthawi ija, mwina nkhani yonseyi sikanachitika. Kunabwera maneti oteteza ku udzudzu, mafiliji oyendera dzuwa, zipatala za m'mudzi. Achinyamata amene anandilowa m'malo amalemba pa foni. Ndimawafunsa za ana a matenanti, ena amandiyankha bwino, ena amangoseka kuti agogo mwayambanso.

Mlandu wa ana aja ndimauika pa mwini esiteti, ndi pa maofesi amene analandira makalata n'kuwakhalira. Pamenepo sindisuntha, ndipo mapepala akundichitira umboni. Koma pali mawu ena amene sali pa pepala lililonse m'bokosimo, ndipo ndawasiyira kumapeto chifukwa ndakhala ndikuzengereza kuwalemba.

Tsiku limene tinaika mwana womaliza, ine ndi a Jere tinatsalira m'mbuyo pochokera kumanda, aliyense akukankha njinga yake. Ndinayamba kulankhula za makalata anga, kuti akanayankhidwa zonsezi sizikanaoneka. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatopa. Kenako anafunsa chifukwa chimene tsiku lija ndinawafunsira pagulu, mphwake wa bwana ali chiimire pambali pawo. Anati pamenepo akanayankha chiyani china?

Ndinati nanga ndikanatani, mwana akufa.

"Mukanabwera kuseri kwa chigafa n'kundiuza kuti kwawo kwa mayi uja kwagwa maliro. Basi. Bwana amakaniza chipatala, koma maliro sanakanizepo munthu, amaopa. Mayi akapita kumaliro ndime salanda, akazi anzake amamusokera fodya, ndi mwambo. Phalombe ndi kutali, a Mwale. Munthu atha kukhalako mwezi, palibe wofunsa."

Ndinaima. Ndinafunsa ngati zinachitikapo.

"Chaka ndi chaka. Mukuganiza kuti akazi a pano amakabereka bwanji kuchipatala? Aliyense pa esiteti amadziwa zimenezi. Ndinkayesa nanunso mukudziwa."

Ndinawauza kuti limenelo likanakhala bodza, ndipo ine pa ntchito ya boma sindinanamepo.

"Eya, bodza," anatero a Jere. "Ine ndine wabodza, mpingo wanu ukudziwa. Koma Lamlungu lija mukanangondilola ndiname, bwenzi mwana atachira, a Namakhwa atagulitsa fodya wawo, inu mukupachikabe sikelo yanu. Ndiye ndiuzeni inu osanama, amene tawasiya kumbuyoku tiwauze chiyani amayi awo?"

Tinayenda mpaka pa mphambano. Iwo anakhotera ku esiteti, ine kunyumba. A Jere anamwalira kalekale. Ndinapita ku maliro awo, ndinakhala mpaka kumapeto, ndipo yankho lawo ndinali ndisanalipeze. Ndalemba makalata moyo wanga wonse, ana anga, koma limeneli ndalephera.